Kiti ya carbon fibre: miyezi isanu mu galaja chifukwa cha chitseko cha buti chimodzi

Abale ndayamba ndapepesa chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, koma anthu angapo akhala akundifunsa chiyikireni zithunzi za kagalimoto kanga kuti kodi chitseko cha buti chakudacho unagula kuti, ndiye ndikawauza kuti ndinapanga ndekha mu galaja amangoti kkkk bodza. Nde lero ndati ndifotokoze zonse za kiti yomwe ndinagula, zomwe zinalimo, zomwe munalibe, ndi zomwe zinandionekera.

Galimoto yake ndi Mazda MX-5 yoyambirira ija, ya magetsi otsinzina, amene ukayatsa amadzuka ngati chule. Mtunduwu unatuluka mu 1989, kuno ku UK unayamba kugulitsidwa 1990, yanga ndi ya 1993 injini 1.6. Ndi kagalimoto kopepuka kale, sikakwana ndi tani imodzi yomwe. Ndinakagula kotchipa chifukwa ka dzimbiri, mukudziwa kuno nthawi yozizira amathira mchere m'misewu kuti isamaterere ndiye galimoto ya zaka 30 imakhala yamwa mchere wokwanira, pansi pake pamachita kuyoyoka. Chitseko cha buti chinali chitatupa m'mphepete monse, penti itafufuma ngati chikondamoyo.

Poyamba maganizo anga anali pa boneti, chifukwa aliyense wokonda za carbon amayambira pa boneti, ndi pamene pamaoneka. Mwayi wake ndisanagule kanthu ndinatenga maginito ndikuika pa boneti, inangogwa pansi. Boneti ya galimoto imeneyi ndi ya aluminiyamu kuchokera ku fakitale, anthu a ku Japan anaganiza kale, ndiye ukapanga ya carbon upulumutsa zochepa kwambiri. Pa buti maginito inamata, chitsulo. Ndi mmene ndinasankhira. Ngati mukufuna kuyamba zimenezi yambani ndi maginito ya pa fuliji, ndi yaulere.

Sitolo yomwe ndinagulako sinditchula dzina, ndi ya pa intaneti ya konkuno, amagulitsa za ma composite zokhazokha, zinthu ngati carbon ndi fibreglass. Kiti yake ndi ya njira yomwe amati resin infusion. Mwachidule umayala nsalu ya carbon youma mu chikombole, pamwamba pake nsalu ina yosenda yomwe amati peel ply, kenako kaukonde kapulasitiki, kenako umakuta zonse ndi pepala lapulasitiki ndikumata m'mphepete ndi tepi yonanda ngati chingamu, pampu ikukoka mpweya wonse mpaka thumbalo lithine, ndiye umatsegula kapaipi kuti epoxy, guluu wamadzimadzi amene akauma amalimbitsa nsaluyo, ilowe yokha kuchokera mbali imodzi kukafika mbali ina. Palibe bulashi, palibe kupaka ndi manja. Chimene chimakankha epoxy ndi mpweya wa panja womwewu, ndipo mphamvu yake si yamasewera, ukachotsa mpweya wonse mkati zimakhala ngati waika matani pafupifupi 10 pa sikweya mita imodzi. Thumba lija likathina ukaligogoda limalimba gwa ngati thabwa.

Katundu anafika patatha masiku awiri, bokosi lomangidwa bwino, nsalu anaikulunga pa chubu cha katoni osaipinda, ndipo zimenezi nzofunika chifukwa nsalu ya carbon ikapindika mzere wake sutha. Munali epoxy ndi hardener yake (mankhwala osakaniza kuti iume), pepala la thumba, peel ply, kaukonde, mapaipi, timakilampu, tepi yonanda ija, ndi kapoto kachitsulo kokhala ndi geji komwe kamatchinga kuti epoxy isakafike mu pampu. Nsalu ndinagula padera, ya 210g ya maluwa a twill mamita angapo ndi ina yokhuthala ya 650g yoika pakati. Pampu nayo padera. Apa ndiye dandaulo langa loyamba, pa chithunzi cha kiti pampu imaoneka ili pomwepo pambali, ukawerenga timalemba ta pansi mpamene umaona kuti siili m'gulu. Sanganame ayi, analemba, koma munthu wa phuma ngati ine umazindikira bokosi litafika kale.

Tsiku lomwe ndinafunyulula nsaluyo ndinakhala kaye pansi kumangoiyang'ana. Amene munaonapo agogo akuluka mkeka kapena lichero mudziwa zomwe ndikunena, ndi zomwezo, ziwiri pamwamba ziwiri pansi, mizere yake ikuyenda mopingasa, kungoti chingwe chilichonse muli timaulusi 3,000 toonda kuposa tsitsi. Ndipo ndi yofewa, yoterera, ukangoigwira molakwika maluwa aja amakhota basi sabwereranso. Podula umayamba wamata masking tepi pamzere ndikudula pakati pa tepiyo apo ayi imasosoka m'mphepete ngati chitenje chakale. Madamu atalowa anaigwira ndi zala nkunena kuti "iyi ndiye ingakhale bwino pa diresi", ine mtima uli m'mwamba kuti chonde chotsani dzanja.

Koma chimene sitoloyo sikuuza mokweza, ndipo ndi chimene chinandidyera miyezi, nchakuti nsalu yokongolayo ndi mathero a ntchito. Ntchito yeniyeni ndi chikombole. Amene anaumbapo njerwa akudziwa kuti chikombole chikapotoka njerwa zonse zipotoka, ngakhale dothi likhale la pachulu labwino bwanji. Kuno nchimodzimodzi koma moposa, chifukwa carbon imakopera chilichonse, kakanda kamodzi ka sandipepala, kafumbi, ngakhale chidindo cha chala. Ndipo za chikombole mu kiti mulibe ngakhale chimodzi. Ndi oda ina, ndalama zina.

Ndinayamba ndi kukonza chitseko chakale chija, chomwe ndimafuna kutaya, kuti chikhale ngati chatsopano. Ganizani kupusa kwake. Kupala dzimbiri, kuthira fila, kukwecha, kuthiranso, pulaimala, kukwechanso ndi sandipepala ya madzi mpaka 1500, kupolisha. Pofika pamenepo chitsekocho chinali chowala moti mnzanga wina anati aise bwanji osangochipenta nkubwezeretsa pagalimoto, nkhani yatha. Ndinamuyang'ana osayankha chifukwa amanena zoona. Kenako kumata timapepala tapulasitiki m'mphepete monse kuti chikombole chikhale ndi mlomo wotambalala womatapo tepi, kutseka timipata ndi phula, kupaka mankhwala oti zisamatirire maulendo angapo monga akunenera pa botolo, kudikira pakati pa ulendo uliwonse. Apa musachite ulesi. Mukalumpha, chitseko ndi chikombole zimakwatirana ukwati wa mpaka imfa. Pamwamba pake gelcoat, yokhala ngati penti yokhuthala yomwe imakhala nkhope ya chikombole, kenako fibreglass ndi resin yake yonunkha ija, fungo lake linalowa mpaka mu kitchini ndipo kwa masiku atatu buledi ankamveka ngati wa ku fakitale ya mabwato. Ndiye chitseko cha buti chili ndi mbali ziwiri, chikopa cha kunja ndi mafupa a mkati momwe mumamangidwa ma hinji ndi loko, ndiye zikombole ndi ziwiri. Cha mkati ndiye chozunza, makona okhaokha ndi maenje.

Usiku womwe ndinamatula chikombole choyamba sindidzaiwala. Umalowetsa timphanda tapulasitiki m'mphepete pang'onopang'ono, osati sikuludilaiva, chimalira kuti tcha tcha tcha ngati chikuthyoka, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira, kenako mwadzidzidzi phoo chatseguka. Mkati mwake ndinadziona nkhope. Ndinakuwa ndekha mu galaja cha m'ma 11 usiku mpaka agogo aamuna oyandikana nawo nyumba anatuluka ndi tochi.

Mkulu ameneyu anakhala mnzanga pa ntchito yonseyi, mzungu wopuma pa ntchito, wokonda mipikisano ya galimoto kuyambira ali mnyamata. Ndi amene anandiuza kuti zinthuzi kwawo ndi konkuno, njira yopangira ulusi wa carbon wolimba anaitulukira ku Farnborough mu 1963, ndipo McLaren ndi amene anayamba kupanga thupi lonse la galimoto ya Formula 1 ndi carbon mu 1981, dzina lake MP4/1, yojambulidwa ndi John Barnard. Anthu ankati ikagunda idzangosanduka fumbi lakuda, chaka chomwecho John Watson anachita ngozi yoopsa ku Monza galimoto kuduka kumbuyo, iye anatuluka akuyenda. Nkhaniyi anandiuza kanayi. Koma ankanenanso chilungamo kuti za McLaren amagwiritsa nsalu yonyowetsedwa kale nkuiphika mu uvuni wa presha, autoclave, ife tikungoyesa kufika chapafupi ndi pampu ndi thumba.

Ulendo woyamba wothira epoxy unali mu November ndipo ndinalephera, mlandu wake ndi wanga. Ukamata thumba umayenera kuyesa kaye, kukoka mpweya wonse, kutseka paipi, kuzimitsa pampu, nkudikira mphindi 20 kapena 30 uli kuyang'ana geji. Singano isasunthe ngakhale pang'ono. Yanga inkatsika, pang'onopang'ono koma inkatsika. Ndinasaka kabowoko ola lathunthu, khutu pa thumba, kuyenda ndi chala m'mphepete monse kufinya tepi. Zinandikumbutsa kusaka pankicha pa chubu cha njinga, kusiyana kwake chubu umachiviika mu beseni thovu nkukuonetsa, apa palibe beseni, ndi makutu ako basi, kufuna kamluzu kakang'ono ka tsiii m'nyumba yomwe fuliji ikulira. Nditatopa ndinati aaa ndi pang'ono, pampu ikhala ikuyaka ikoka. Kulakwa kwake kumeneko.

Kulakwa kwachiwiri kunali kuzizira. Mu galaja munali madigiri 8. Epoxy ya infusion imayenera kukhala yamadzimadzi, pa madigiri 20 kapena kuposerapo, koma yanga inali ngati uchi wa mu June. Inayamba bwino, mzere wakuda ukuyenda pansi pa kaukonde ngati madzi a mvula yoyamba pa bwalo louma, ndipo kunena zoona palibe chinthu chokoma kuonera ngati chimenechi, koma itadutsa pakati inayamba ulesi, kukwawa, kenako kuima chala chimodzi isanafike pa kona. Ndinaiyankhula, ndinaipempha, ndinaiwotcha ndi dilaya ya tsitsi ya madamu. Ayi ndithu. Patatha masiku awiri nditamatula, pakati panali pokongola moti ukhoza kulira, koma kona imodzi nsalu youma gwa ndipo mbali yomwe kunali kabowo kuja timabowo ting'onoting'ono tambirimbiri ngati nsima yomwe yalowa nyerere. Nsalu yonse ija, epoxy, thumba, kaukonde, zonse ku dzala. Zinthu zimenezi sizibwerezedwa, ulendo uliwonse thumba latsopano, tepi yatsopano, mapaipi atsopano.

Apa ndiye dandaulo lachiwiri kwa a sitolo. Tepi yonanda yomwe amaika mu kiti ndi yongokwanira munthu wosalakwitsa. Koma kiti yoyambira amagula ndi anthu oyamba, ndipo munthu woyamba amalakwitsa, makamaka popinda makutu a thumba kuti lilowe m'makona, pamenepo tepi imatha ngati mchere wa pamaliro. Akanaika ma rolo awiri owonjezera sakanasauka. Inandithera Loweruka madzulo ndipo ntchito inaima mpaka Lachitatu. Za kuzizira nazo analemba, inde, koma pa pepala la data lomwe umachita kukatsitsa pa intaneti, pamene mavidiyo awo onse amajambulira mu wekishopu yofunda yowala bwino munthu atavala tisheti. Akanangolemba ndi zilembo zazikulu pa botolo kuti galaja ya ku England mu November musayerekeze.

Koma ndiwayamikire pamene akuyenera. Nditawaimbira foni anayankha munthu weniweni, osati makina, ndipo anali munthu woti zinthuzi anazigwirapo ndi manja. Ndinamutumizira zithunzi, sanandiseke, anangondifunsa mafunso awiri, geji inagwira? kunali madigiri angati? Basi matenda anawapeza pomwepo. Anandilangiza kuti ndiike botolo la epoxy mu beseni ya madzi ofunda ndisanasakanize, ndifunditse chikombole chomwe, ndisunthe paipi yolowetsera ikhale mbali yaitali kuti ulendo wa epoxy ufupike, komanso kuti thumba likakana kugwira osataya nthawi, ling'ambe uyambe lina, pepala ndi lotchipa kuposa nsalu. Sanayese kundigulitsa chilichonse chowonjezera. Pa zimenezi ndawapatsa ulemu.

Ulendo wachiwiri ndinausamutsira pa balaza. Madamu anali ku ntchito ya usiku ndiye ndinati pofika m'mawa ndikhala nditachotsa. Ndinayala mapepala pa kapeti, hita kuyatsa, thumba linagwira bwinobwino singano osasuntha. Ndiye chifukwa choopa kuti epoxy ingathe pakati pa ulendo paipi nkuyamwa mpweya, ndinasakaniza yambiri nthawi imodzi mu chidebe chimodzi chakuya. Muyezo wake ndi wa pa sikelo osati wa maso, yanga inali epoxy 100 kwa hardener 30 polemera, ndipo hardener si chinthu choti ukawonjezera ziuma msanga, ukaphonya muyezo siuma bwino mpaka kalekale. Zimenezo ndinatsata. Chimene sindinaganize nchakuti epoxy ikamauma imatulutsa kutentha, ikakhala yopyapyala pa nsalu palibe vuto, koma yotsala mu chidebe chakuya imadzitenthetsa yokha, kutentha kukachuluka imafulumira, ikafulumira imatenthanso. Ine maso ali pa thumba kusangalala kuti yafika makona onse, ndinangomva fungo lachilendo, kutembenuka chidebe chikufuka utsi, pulasitiki yayamba kufota. Ndinachinyamula ndi mapulayala kuthamangira nacho panja nkuchiika pa simenti, alamu ya utsi ili kulira, 2 koloko usiku. M'mawa chinali chibuma chachikasu chong'alukang'aluka, mpaka pano ndinachisunga pa shelefu.

Ndipo chikombole sichinachoke pa balaza m'mawa, chifukwa epoxy imafuna maola 24 pamalo ofunda isanagwedezedwe. Madamu atalowa anaima pakhomo chikwama chili m'manja, kuyang'ana chinthu chakuda chili pakati pa nyumba chitafunda bulangeti lamagetsi la pa bedi pathu, mapaipi ali lendelende. Anangoti "Bambo a mwana, kodi odwalawa abwera liti, ndipo achibale awo adziwitsidwa?" Ndinalibe poyankha. Tinadyera pa bedi masiku awiri.

Koma chinatuluka. Abale chinatuluka. Posenda peel ply pamafunika mphamvu, imalira ngati ukung'amba chinsalu cha matanga, kenako timphanda tija, kenako chikopa chonse chinangonyamuka ndi dzanja limodzi, chopepuka ngati chivindikiro cha katoni, maluwa onse ali mumzere kuchokera kona mpaka kona. Panali timabowo titatu tokha pa kona yakuthwa pomwe nsalu sinagone bwino, inachita ngati mlatho, ndinatitseka ndi kadontho ka epoxy. Epoxy ya mu kitiyi ndilibe nayo mawu, ndi yoyera mbee, imayenda bwino ikafunda, ndipo imakupatsa nthawi yokwanira. Kapoto ka geji nako ndi kolimba, sikanataye mpweya ngakhale kamodzi. Timakilampu ta mapaipi ndi tomwe tili tofooka, kamodzi kanatha mano pa ulendo wachitatu ndinayamba kugwiritsa vaisi gilipu.

Kudula m'mphepete ndi ntchito yomwe ndinadana nayo. Fumbi la carbon ndi loipa, limayabwa kuposa chitedze likalowa m'manja mwa malaya, ndipo m'mapapo silofunika ngakhale pang'ono, valani masiki yeniyeni ya FFP3 osati kansalu, magalasi, ndipo dulirani panja hoover ili pafupi. Chinanso carbon imadutsa magetsi, fumbilo likalowa mu mota ya chida chanu likhoza kuchiwotcha, ndiye laputopu ndi ma chaja zikhale kutali. Epoxy yosauma nayo musaigwire ndi manja, magolovesi a nitrile nthawi zonse, thupi likangoyamba kudana nayo ziwengo zake sizichoka ndipo ntchitoyi mwatsanzikana nayo.

Mafupa a mkati anatheka ulendo umodzi, mwina chifukwa ndinali nditaphunzira, mwina mwayi. Kumata ziwirizi ndinagwiritsa guluu wa mapaipi awiri wa methacrylate, ndinamatira chikopa chili mu chikombole kuti chisapotoke. Pomangira ma hinji ndinaikamo timapuleti ta stainless, ndipo pomwe carbon ikanakhudzana ndi chitsulo wamba ndinaika kansalu ka fibreglass pakati, chifukwa carbon ikagundana ndi chitsulo kapena aluminiyamu pali madzi a mchere, chitsulocho chimadyeka msangamsanga. Ndi misewu ya mchere ya kuno imeneyo si nkhani yongomva. Vanishi ya pamwamba ndinapereka kwa openta galimoto, epoxy yopanda vanishi dzuwa limaisandutsa yachikasu, ndipo vanishi ya 2K, yosakaniza zinthu ziwiri, ili ndi mankhwala oopsa kupuma, siyopopera mu galaja ndi kamasiki ka fumbi.

Tsiku lomanga pagalimoto linali ndi kaphunziro kake. Buti ya MX-5 imatseguka ndi timitengo tachitsulo topotana tomwe anatiyeza kuti tinyamule chitseko chachitsulo. Ine osaganiza, ndamanga, ndatseka, mipata ili bwino mbali zonse, ndaweramira kuti ndione loko, kutsegula, chitseko chinaulukira m'mwamba nkundimenya pachibwano mpaka mano kulumana. Agogo aja anaseka mpaka kukhala pansi pa thayala. Ndinachotsako kamtengo kamodzi, pano chimatseguka mwaulemu.

Tsopano funso lomwe aliyense amafunsa, wapulumutsa makilo angati. Ndinayeza zonse ziwiri pa sikelo ya ku bafa ndipo kusiyana kwake sikunafike kathumba ka ufa ka 5kg. Eee, miyezi isanu. Kunena mwa mtundu wina, petulo amalemera pafupifupi magalamu 750 pa lita, ndiye ndikanangothira malita 6 ochepa mu thanki ndikanapeza zomwezo, kapena kusiya chips cha Lachisanu miyezi iwiri. Pa pepala carbon imamveka ngati matsenga chifukwa chitsulo chimalemera pafupifupi kasanu kuposa carbon ya muyezo womwewo, koma chitsulo cha pa galimoto ndi chopyapyala kale, sichifika milimita imodzi, pamene carbon kuti isamapindike ukaitsamira umayenera kuikhuthalitsa. Ndinapita nayo ku bwalo la mipikisano ya galimoto la Cadwell Park pa tsiku lomwe amalola anthu wamba kuthamanga, ndipo ndikanama ndikati ndinamva kusiyana. Chimene ndinamva ndi anthu kubwera kudzagogoda ndi chala nkufunsa kuti ndi sitika kapena yeniyeni. Za ndalama ndinasiya kuwerengera nditaona kuti zadutsa mtengo wa chitseko cha carbon chopangapanga kale, ndipo malisiti ndinawabisa mu bokosi la masipanala komwe madamu safikako.

Osaiwala a inshuwalansi, kuno chilichonse chomwe wasintha pagalimoto umayenera kuwauza, ukabisa tsiku la ngozi akhoza kukana kulipira. Ndinawauza.

Chilimwe chitadutsa ndinaona kuti pamwamba maluwa a nsalu ayamba kumveka pang'ono ukasisita ndi dzanja, poyamba panali see ngati galasi. Chifukwa chake chinthu chakuda chikakhala padzuwa chimatentha kwambiri kuposa mpweya, ndipo epoxy yomwe inangoumira pa balaza imapitiriza kukhwima nkufota pang'ono. Mankhwala ake ndi kuchiphika kaye pang'onopang'ono chikadali mu chikombole, madigiri 60 kapena kuposa kwa maola angapo malinga ndi epoxy yake, ine ndinalumpha chifukwa ndinalibe uvuni wokwana chitseko cha buti. Apa kunali ku England komwe dzuwa limabwera ngati mlendo. Wina wa ku Lilongwe anandifunsa ngati angapange zimenezi kumudzi, ndinamuuza kuti kuphikako kwa iyeyo sikolumpha, galimoto yoima panja mu October chitseko chosaphika chikhoza kufewa. Mbali ina kutentha kumuthandiza, epoxy iyenda ngati madzi, kungoti iuma msanga ndiye athire m'mamawa ndipo atenge hardener yochedwa. Geji yake nayo isamudabwitse ikakana kufika kumapeto, Lilongwe ili pamwamba mamita opitirira 1,000 ndiye mpweya wokankha ndi wocheperako, chofunika nchakuti singano iime malo amodzi. Vuto lenileni ndi kufikitsa katunduyo, nsalu ndi mapepala zikhoza kukwera ndege mu sutikesi koma hardener ili m'gulu la katundu woopsa, simungangoiponya mu chikwama, imafuna otumiza katundu odziwa mapepala ake.

Ndiye kitiyi ndiipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha tepi yochepa, timakilampu, ndi chithunzi cha pampu chija. Ngati mukufuna chitseko chimodzi chokha kuti galimoto ioneke bwino, gulani chopangidwa kale mugone tulo. Kitiyi imayamba kubweza ndalama pamene chikombole chilipo kale ndipo mukutulutsa chachiwiri ndi chachitatu, chitseko chachiwiri chomwe ndinapangira mnzanga wa MX-5 yofiira chinanditengera masabata awiri okha, madzulo ndikaweruka, ndipo anandigulira nsalu ndi epoxy yokwana ntchito yanga yotsatira. Ndipo musayambire pa chinthu chachikulu ngati ine, yambani ndi kathabwa kafulati pa galasi la windo lakale, mulakwitse pamenepo pomwe kulakwitsa kuli kotchipa.

Chitseko cholephera chija sindinataye. Madamu anachitenga nkuchiika pa njerwa kuseri kwa nyumba, chikutchinga mvula pa mbewu zawo za mpiru ndi chibwabwa, akuti pa zonse zomwe ndapanga mu galaja chimenechi ndiye chaphindu. Pano ndayamba kukwecha fenda ya kutsogolo ya kumanzere, imeneyo chikombole chake chikhala chogawa pawiri chifukwa cha mmene imapindikira pansi, ndipo tepi ndaitanitsa ma rolo asanu ndi limodzi. Bulangeti lamagetsi andiuza kuti ndigule langa.